Selo ya M'mawa

4 Malichi

Okondedwa Amayi ndi achimwene,

Ndisanafunse n'komwe za moyo wanu, ndiyankheni funso ili: ndani analamula kuti munthu wa masamu asamatsike masitepe? Kuno ku yunivesite aliyense amalitenga lamuloli ngati linagwa ndi mvula. Ife a masamu tili m'chipinda cha pamwamba, anthu oyeza maselo ali m'chipinda cha pansi, ndipo pakati pathu pali masitepe ndi a Pulofesa. Manambala akachoka pansi amayamba agona kaye pa tebulo la a Pulofesa, iwo n'kumatigawira pang'onopang'ono ngati mankhwala a chifuwa. Nditafunsa chifukwa chake, mnzanga amene timakhala naye desiki imodzi, amene ndimam'tcha Tayi chifukwa amavala tayi ngakhale Loweruka, anangoti, "Ndi mmene timachitira kuno." Yankho limenelo likundiyabwa thupi lonse.

Chabwino, moni. Muli bwanji? Bondo lija likuti bwanji, Amayi? Makina osokera aja anasiya kudumpha ulusi? Ine ndili bwino. Ndikulemba kalata monga munalamulira, poti mwati pa foni ndimalankhula ngati wolengeza mpira pa wailesi ndipo simutolapo kanthu.

Mwakhala mukufunsa ntchito imene ndimagwira. Imvani. Thupi lanu lonse ndi timaselo, tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Selo iliyonse yakutidwa ndi kakhungu kopyapyala kwambiri, timakatcha nembanemba. Kakhungu kameneka ndi mlonda. Kali ndi timakomo timene timatseguka n'kutsekeka kuti timchere tilowe kapena tituluke. Timchereto tikamadutsa pamabadwa kamphamvu ka magetsi, ndipo kamphamvu kameneko ndi kamene kamachititsa kuti mtima ugunde, ndiponso kuti chala chanu chidziwe kuti chabayidwa ndi singano. Anthu a pansi amagwira selo ndi kachubu ka galasi, n'kuipatsa magetsi pang'ono, makina n'kujambula mzere wosonyeza mmene yayankhira. Ife a pamwamba ntchito yathu ndi kulemba samu imene ingajambule mzere womwewo popanda kukhudza selo. Samu ikagwirizana ndi mzere, ndiye kuti tamumvetsa mlondayo. Zili ngati patani ya pepala, Amayi: mukaidula bwino, diresi limam'khala mwiniwake asanaliyese n'komwe.

Vuto ndi loti samu ya a Pulofesa ili ndi manambala khumi ndi anayi oti uziwapotokola mpaka igwirizane. Khumi ndi anayi! Diresi la malamba khumi ndi anayi limam'kwana aliyense, ngakhale achimwene. Ine ndikuti payenera kukhala njira yaifupi.

Tsopano nkhani yaikulu. Kumapeto kwa Meyi kuli msonkhano wa pachaka, ndipo ife atsopano tidzaima kutsogolo n'kufotokoza zimene tapeza. Pali malo amodzi okha opitiriza maphunziro mpaka udokotala, ndipo tikuwalimbirana awiri, ine ndi Tayi. Wolephera alongedze, ntchito yake yathera pomwepo. Tayi adzawerenga kachigawo ka samu ya a Pulofesa, iwo n'kumagwedeza mutu. Ine sindinaphunzire zaka zonsezi kuti ndizipukuta fumbi pa samu ya munthu wina.

Ndilembereni nkhani zonse za mumsewu mwathu. Achimwene, ophunzira anu a galimoto agunda mageti angati mwezi uno?

Mwana wanu,
Kaliwiro


19 Malichi

Mwana wanga Kaliwiro,

Moni. Kalata yako tailandira. Ndaiwerenga kawiri, kachitatu anandiwerengera achimwene ako chifukwa zilembo zako nazonso zimathamanga. Ife tili bwino. Bondo limangondikumbutsa kuti lilipo kukachita mitambo. Makina anasiya kudumpha ulusi, tsopano akudya nsalu.

Za timakomo ta m'thupi ndamva. Ndinawafotokozera amayi ogulitsa nsapato a shopu yoyandikana nafe, anayamba kudzikanda. Koma za masitepezo sindinamve bwino. Kodi ndi oterera? Ngati akuluakulu akuti usatsike, usatsike. Iwe udakali kamwana unathamangira m'chitseko cha galasi cha ku banki chifukwa unaona kuti anthu akuchedwa kutsegula. Chipsera chidakalipo pamphumi, ukadziyang'ane pa kalilole.

Tayi ameneyo ndi mwana wa yani? Munthu wovala tayi Loweruka ndiye kuti analeredwa bwino. Usamuseke. Kodi ndi wamtali?

Nkhani za mumsewu ndi zomwe zija. Wometa tsitsi wapenta shopu yake mtundu wobiriwira wopweteka m'maso. Mwana wa a sitolo ya zitsulo akukwatiwa, diresi ndikusoka ndine, ndipo wasintha kale maganizo pa nkhani ya manja kangapo konse.

Ukudya? Nditumizire muyezo wa m'chiuno mwako. Mawu oti "ndili bwino" sindiwakhulupirira, ndimakhulupirira tepi.

Mayi ako

Iwe Kaliwiro, ndine. Mageti awiri ndi ngolo imodzi ya malalanje. Ophunzira anga onse amene amagunda amakhala atanena kaye kuti payenera kukhala njira yaifupi. Galimoto ili ndi buleki, mlongo wanga. Anaiikamo dala.


2 Epulo

Amayi! Achimwene!

Moni, moni, muli bwanji, ndili bwino, m'chiuno sindinayeze, khalani pansi!

Ndaipeza.

Masitepe sindinatsike, Amayi, musade nkhawa. Ndinangotulukira kuti kompyuta ya pansi ndi yathu zimalumikizana, ndipo mafayilo onse a zoyeza ali poyera ngati zovala pa chingwe. Palibe anandiletsa, poti palibe amene ndinam'funsa. Ndinatsegula. Mizere yambiri ndi yonyansa: yokhotakhota, yonjenjemera, ngati msoko wa wophunzira utelala tsiku loyamba. Koma ndinaona chinthu chimene palibe anachiona. Fayilo yoyamba ya tsiku lililonse ndi yosalala! Mzere wake umakwera bwinobwino, n'kupinda mwaulemu, n'kugona. Tsiku lililonse chimodzimodzi. Mutu unangoti phwii. Ndithu, m'mawa selo imakhala yatsopano, yosatopa. Maselo a masana aja amakhala atazunzika ndi nyale ya makina oonera ndiponso kubayidwa. Anthu akhala akulemba masamu a maselo otopa! N'chifukwa chake amafuna manambala khumi ndi anayi: awiri a selo, khumi ndi awiri a kutopa kwake.

Ndinasankha mafayilo oyamba okhaokha a miyezi yambiri, n'kulemba samu yanga ya manambala awiri. Nambala yoyamba ndi ya magetsi amene nembanemba imasunga, yachiwiri ndi ya amene amadontha. Basi. Nditadina batani, mzere wanga unagona pamwamba pa mzere wa selo mpaka wapansiwo sunaonekenso. Ndinayesa kuti kompyuta yafufuta umodzi. Ndinayesa fayilo ina, chimodzimodzi. Inanso, chimodzimodzi. Ndinakuwa mpaka Tayi anadzithira tiyi pachifuwa. Ndinatuluka panja, ndinazungulira nyumba yonse, mlonda wa pageti ndinam'patsa moni kawiri, ndinakwera basi yolakwika ndipo sindinadandaule. Ndinatsikira kumapeto kwake ndikumwetulira, kondakitala anandifunsa ngati ndili ndi abale.

A Pulofesa ali kunja ku misonkhano mpaka Meyi, ndiye mutu wa nkhani yanga ndaupereka ndekha kwa alembi a msonkhano: "Nembanemba ya selo m'manambala awiri okha." Tayi anati, "Sudikira kuti abwana aone kaye?" Ndinati, "Adzaonera limodzi ndi anzawo, mipando ilipo yambiri."

Mzerewo ndaujambula kuseri kwa pepalali. Tauyang'anani. Si wokongola? Msonkhano uli pa 27 Meyi, ndipo achibale amaloledwa kukhala kumbuyo. Bwerani, Amayi. Achimwene, bwerani nawo. Mudzaone mwana wanu akugwetsa manambala khumi ndi awiri tsiku limodzi.

Tayi ndi wamfupi, ndipo nkhani imeneyo ithere pomwepo.

Wanu wosagwirika,
Kaliwiro


21 Epulo

Mlongo wanga wotchuka,

Moni kuchokera kwa ife anthu wamba. Tili bwino, kungoti m'nyumba muno simukukhalika. Kalata yako inafika Lachisanu, pofika Loweruka msewu wonse unali utadziwa. Nkhani ikachoka pa shopu ya Amayi imanenepa m'njira. Kwa wometa tsitsi akuti wapeza mankhwala a mtima. Pa siteji ya basi akuti wachotsa ntchito mapulofesa khumi ndi awiri. Wophunzira wanga wina, bambo wamkulu ndithu, anazimitsa injini pakati pa msewu n'kundinong'oneza kuti ukadzabwera udzamuonere timakomo take, akuona ngati tina sititsekeka bwino.

Ine sindibwera. Sabata imeneyo ophunzira anga akukayesedwa, ndipo ndikawasiya okha mzinda uno utsala wopanda mageti. Koma Amayi akubwera. Akusoka diresi la buluu, ndipo tamvera: mzere wako uja aukopera pa pepala la patani, akuusokerera ndi ulusi wagolide kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Makasitomala ena aitanitsa kale lotero. Diresi la ukwati lija laimikidwa kaye, mkwatibwi akubwera tsiku ndi tsiku kudzalira pa benchi, Amayi n'kumam'tonthoza ndi nkhani za timchere.

Uthenga wawo ndi uwu: selo ya m'mawa ija uijambule chithunzi, utumize. Akufuna kuipachika m'shopu, pakati pa kalendala ndi satifiketi yako. Felemu agula kale. Ndinawauza kuti seloyo ndi yosaoneka ndi maso, anati nanga mwana wawo anaiona ndi chiyani, ndi mphuno?

Tiuze ngati a Pulofesa amva kale. Ndikufuna kudziwa nkhope imene anapanga.

Ndine,
Mchimwene wa munthu wamkulu


6 Meyi

Amayi okondedwa,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino ndithu.

Ndalingalira za ulendo uja. Ndi wautali, mipando ya m'basi ndi yolimba, bondo lanu silingakondwe. Msonkhano wakenso si waukulu monga ndinanenera. Ndi anthu ochepa, m'chipindamo mumazizira, nkhani zake n'zotopetsa. Musadzivute kubwera. Malizani diresi la mkwatibwi uja. La buluu lija lisungeni kaye m'kabati, ndipo makasitomala muwauze kuti mzere uja ukonzedwanso pang'ono.

Chithunzi cha selo sichinatheke.

Mwana wanu,
Kaliwiro


6 Meyi

Achimwene,

Iyi ndaitumiza ku sukulu yanu ya galimoto kuti Amayi asaione. Moni. Musaseke mpaka mumalize. Mukamaliza sekani. Ine ndaseka kale mpaka kulira, kapena ndalira mpaka kuseka, sindikusiyanitsanso.

Ndinatsika masitepe aja chifukwa cha chithunzi chimene Amayi anapempha. Ndinalawirira kuti ndikaipeze selo ya m'mawa isanatope. Pansi pali mayi wina, dokotala wa maselo, onse amam'tcha Dokotala Shii. M'chipinda mwake ukatsokomola, ukakoka mpando, ngakhale kuponda mwamphamvu, kachubu ka galasi kamagwedezeka selo n'kuphulika, ndiye mawu ake ndi amodzi: "Shii!" Ndinalowa monyang'ama n'kunong'ona kuti, "Dokotala, ndine wa pamwamba. Ndabwera kudzajambula selo ya m'mawa."

Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi. "Wa pamwamba? Wafika bwanji kuno, wagwa?"

"Selo yoyamba ya tsiku, Dokotala. Yosalala ija."

"Maselo sindinawatulutse n'komwe. Ndiyambe ndayesa makina."

Anatsegula kabati, n'kutulutsa kabokosi kachitsulo kofanana ndi ka machesi, n'kukalumikiza ku waya, n'kudina batani. Achimwene, pa sikirini panatuluka mzere wanga. Unakwera bwinobwino, unapinda mwaulemu, unagona.

Ndinati, "Ndi imeneyo! Ili kuti?"

Anati, "Chiyani?"

"Seloyo!"

Anandipatsa kabokosiko m'manja. Kozizira. Anati m'mawa uliwonse, asanakhudze selo yeniyeni, amayamba ayesa makina ndi kabokosi kameneka kuti aone ngati akugwira bwino, ndipo kompyuta imasunga zimenezo ngati fayilo yoyamba. Pansi aliyense amadziwa kuti yoyamba siwerengedwa, palibe anaganizapo zouza munthu. Ndinafunsa kuti m'kati mwake muli chiyani. Anati, "Tizipangizo tiwiri. Kena kosunga magetsi, kena kowadonthetsa."

Tiwiri, achimwene. Manambala anga awiri aja. Ndatha mwezi wathunthu ndikutulukira zimene munthu wa ku fakitale anawotcherera m'kabokosi. Manambala ake anachita kuwadinda kunsi kwake. Ndinakatembenuza: akugwirizana ndi anga mpaka kadontho komaliza. Masamu anga ndi akuthwa, zimenezo palibe angatsutse.

Ndinakhala pansi penipeni, pasimenti. Dokotala anandifunsa chimene chavuta, ndinam'fotokozera zonse, mpaka mutu wa nkhani yanga. Anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, n'kuthawira pakhonde kuti akasekere kutali ndi makina ake.

Mutuwo wasindikizidwa kale m'ndondomeko ya msonkhano. A Pulofesa afika sabata yamawa. Tayi akuti ndinene kuti ndadwala, ndipo akunena mokoma mtima, zimene zikundipweteka kuposa akanandiseka. Ndikadwala, malo aja apita osalimbana n'komwe. Ndikaima kutsogolo, ndinena chiyani? Sindikudziwa. Chimodzi chokha ndikudziwa: Amayi asabwere kuno atavala kabokosi ka machesi pachifuwa. Ine ndalephera kuwauza, dzanja linakana kulemba. Auzeni ndinu, mwanzeru zanu. Bisani ulusi wagolide. Bisani nsapato zawo ngati n'kofunika.

Mlongo wanu wotulukira mabokosi,
Kaliwiro


16 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Tili bwino. Kalata yako yaifupi ija inandiliza. Ndinawawerengera amayi a nsapato, nawonso analira. Anati, "Taonani mwana woleredwa. Watchuka, koma akuganiza za bondo la mayi ake." Unayamba liti kudzichepetsa, iwe amene unkaimirira pa tebulo kulengeza malikisi ako? Ukukula, mwana wanga.

Za bondo usade nkhawa, ndagula mafuta opaka, ndipo m'basi ndidzakhala mpando wa kutsogolo. Za kuzizira, ndasoka kajekete. Nakonso ndakaika mzere kumsana kuti anthu okhala kumbuyo kwanga asadandaule. Ukuti mzere ukonzedwanso? Usaukhudze! Uli bwino momwemo. Anthu ophunzira vuto lanu simudziwa polekera. Diresi likakhala bwino, sizasi umaiika pansi.

Mkwatibwi ndam'malizira, wasiya kulira. Tsopano akulira ndi mayi ake, akuti khosi latsika kwambiri. Felemu ija ndaikamo kaye mzere wako podikira chithunzi.

Ndinyamuka pa 26 ndi basi ya madzulo, ndifika m'mawa wa tsiku lakelo. Usadzandichingamire, udzakhale ukukonzeka. Pakamwa ndili napo, ndidzafunsa njira. Foni ndidzaizimitsa kuti batire lisathe, ndikufuna ndidzakujambule uli kutsogolo.

Kodi Tayi uja ndim'tengere kanthu? Munthu akaluza amafunika kum'sangalatsa.

Mayi ako


26 Meyi

Kaliwiro,

Moni, ngati moni angathandize. Kalata yako ndaiona lero. Inafika kalekale ku ofesi, abwana anaiika m'galimoto yophunzitsira kuti ndiipeze, ndiye wophunzira wina wamfupi wakhala akuikhalira pamodzi ndi manyuzipepala kuti aziona kutsogolo. Ndaiwerenga nditangobwerako kokweza Amayi basi. Ndinabwerera ku depoti pa liwiro loopsa, ine amene ndimaphunzitsa anthu kuyenda pang'onopang'ono. Basi inali itapita. Foni ya Amayi ndi yozimitsa monga analonjezera. Yakonso ikungoti mwiniwake sakupezeka. Ndiye ndikulemba, ngakhale ndikudziwa kuti kalatayi idzafika zonse zitatha.

Ndaseka, sindinama. Ndinaimika galimoto pambali n'kuseka mpaka wapolisi anabwera kudzagogoda pa zenera. Nditam'fotokozera sanamvetse, koma anaseka nawo.

Tamvera koma. Ndikhulupirira sunaname kuti wadwala. Amayi akakupeza pabedi adzakupaka mafuta a bondo thupi lonse n'kukunyamula okha kupita nawe kutsogolo. Ndiponso kuthawa si khalidwe lako. Iwe umagunda, subwerera m'mbuyo.

Undiuze zonse, usasiye kanthu.

Mchimwene wako


9 Juni

Achimwene,

Moni! Muli bwanji? Ophunzira anu anakhoza angati? Makalata awiri, yanu ndi ya Amayi yolengeza ulendo, afika limodzi dzulo, ngati ozimitsa moto ofika phulusa litazizira. Foni ndinaizimitsa sabata yonse ija chifukwa ndinkakhalira pansi kwa Dokotala Shii, kumene foni ndi mdani. Amayi akuuzani kale mbali yawo, ndipo ndikudziwa kuti m'mbali yawoyo ndinapambana. Imvani yoona.

Sindinadwale. A Pulofesa atafika ndinawauza ndekha. Anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, n'kunena kuti, "N'chifukwa chake manambala amadutsa kwa ine." Ndinati, "Kapena n'chifukwa chake tiyenera kumatsika, bwana." Anawapukutanso. Anati ndikhoza kuchotsa dzina langa mwakachetechete. Ndinakana.

Masiku otsalawo ndinayesa samu yanga pa mizere yonyansa ija, ya maselo enieni. Poyambirira penipeni imagwirizana, kanthawi kochepa kuposa kuphethira, kenako selo imapatuka n'kuyamba zake. Pamene yapatukirapo ndi pamene timakomo tatseguka. Kabokosi kalibe makomo, n'chifukwa chake n'kaulemu. Ndinathamangira kwa Dokotala kuti ndatulukira njira yoonera nthawi imene makomo amatseguka. Anati, "Imeneyo takhala tikuichita iwe usanabadwe. Shii." Koma nditamuonetsa kuti m'mafayilo ake makomowo amafulumira kutseguka masana kuposa m'mawa, anasendera pafupi ndi sikirini. Anati, "Zimenezo sindinaziwerengetserepo. Mwina ndi kutentha kwa chipinda chino. Mwina ndi zina." Basi, chuma changa chonse chinali funso limodzi ndi kabokosi kobwereka.

Tsikulo holo inadzaza, chifukwa mutu wanga unakopa anthu, ena kudzaona zodabwitsa, ena kudzaona ngozi. Tayi analankhula bwino, a Pulofesa anagwedeza mutu mpaka ndinaopa kuti uguluka. Ine ndinaima, kabokosi kali m'thumba, mtima uli m'malo podziwa kuti achimwene anga anzeru anabisa nsapato. Ndinaonetsa mzere wosalala uja, wanga utagona pamwamba pake. Ndinati, "Taonani kugwirizana kwake." Ndinapuma dala kuti ndiwagwetse bwino.

Chitseko cha kumbuyo chinatseguka. Buluu. Golide. Chikwama cha ulendo m'manja. Amayi anayang'ana pa sikirini, anayang'ana pachifuwa pawo, n'kuona kuti n'chimodzimodzi. Anaika chikwama pansi n'kuyamba kuwomba m'manja. Okha. Mwamphamvu. "Ameneyo ndi wanga! Ndi Kaliwiro wanga ameneyo!" Anatembenukanso kuti anthu aone kumsana. Ndipo holo yonse, anthu a madigiri atatuatatu, inayamba kuwomba nawo, nanga akanatani?

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Sipanang'ambike. Ndinadikira kuti manja atope, ndinatulutsa kabokosi, ndinakaika pa tebulo, n'kunena kuti, "Zikomo, Amayi. Zikomo nonse. Mwawombera m'manja aka." Ndinafotokoza zonse. Kuseka kunayambira kutsogolo n'kumayenda mzere ndi mzere mpaka kumbuyo. Dokotala Shii anaseka mokweza mpaka wina wa pansi anamuuza kuti "Shii!" Kenako ndinaonetsa mizere yonyansa, ya m'mawa ndi ya masana, ndi funso langa lija. Apo kuseka kunatha, manja anakwera. Mafunso anandipanikiza, ndipo angapo ndinayankha kuti sindikudziwa, mawu amene sindinawatchulepo chibadwire. Sanandiphe.

Malo aja apatsa Tayi. Ndanena msanga kuti zichoke pakhosi. Anayenera: samu yake ndi yotopetsa, koma ndi ya selo. Ndinalira pang'ono m'chimbudzi, Amayi ali panja pa chitseko akundiuza kuti oweruza onse ndi ansanje. Nditatuluka ndinawafotokozera bwinobwino za kabokosi. Anayang'ana diresi, n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndavala mawaya?" Ndinati inde. Anadzisisita m'mbali. "Koma akundikhala."

Lachisanu ndikulongedza mabuku m'katoni, Dokotala Shii anakwera masitepe. Anthu a pamwamba anaimirira ngati aona mzukwa, akuti Dokotalayo sanakwerepo chiyambire. Anaima pa desiki panga n'kunena kuti, "Udokotala ndilibe woti ndikupatse. Ndili ndi mpando wopanda chotsamira, chaka chimodzi, ndi mafayilo amene palibe amawawerenga. Koma kwanga wa masamu amagwira yekha selo yake. Manja ako amanjenjemera?"

Ndinati, "Ayi."

"Ukunama. Lolemba. Nsapato zofewa, ndipo usamwe khofi."

Lolemba ndinapita. Kachubu ka galasi n'kosongoka kuposa tsitsi, ndipo umayenera kukatsitsa pang'onopang'ono, pang'onopang'ono, mpaka kakhudze selo ngati ukukhudza tsaya la khanda logona. Ine, achimwene! Pang'onopang'ono! Timachubu tingapo ndinathyola tisanafike n'komwe m'madzi okhalamo maselo. Kena kanafika. Selo ndinaiona pa maikulosikopu, yozungulira, yonyezimira, yamoyo. Ndinaikhudza. Mzere unatuluka pa sikirini, wokhotakhota, wonjenjemera, wonyansa kuposa yonse, ndipo ndinakuwa. Selo inaphulika nthawi yomweyo.

Dokotala sanatukule n'komwe mutu. Anangoloza kabati. Ndinapukuta manja, ndinatenga kachubu kena, n'kukhalanso pampando.

Mlongo wanu,
Kaliwiro